Wamtali M'nyumba ya Afupi

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Boma la Chiradzulu, ndipo sukulu zikayandikira kutsegulira ndimayeza ana ambiri kuposa anamwino a kusikelo. Mayi amabwera akukoka mwana, nsalu ya yunifolomu ili m'khwapa. Ndikanena kuti tisiye mpendero waukulu kuti mwana akatalika tidzangomasula, ena amandiyang'ana ngati ndawapempha mbuzi.

"Musavutike nazo, mayi. Kwathu sititalika ife, ndi magazi."

Ndimagwedeza mutu kuti kasitomala asathawe, koma akangotembenuka mpendero uja ndimausiya ndithu. Nkhani ya magaziyi ndinaimva kale ndili mtsikana, ndipo inatsala pang'ono kundilanda bambo anga.

Kwathu ndi ku Mbulumbuzi, ndipo mtundu wathu ndi wa anthu afupi. Bambo anali afupi, amayi afupi, azichimwene anga awiri afupi, ndipo achibale tikasonkhana pamaliro munthu wodutsa pamsewu ankaganiza kuti tonse takhala pansi. Sitinkadandaula nazo. Bambo ankati munthu wamfupi Mulungu anamukondera, chifukwa anamuika pafupi ndi mzere, msana sum'pweteka polima. Nyumba yathu anamanga okha, ndipo khomo analiyeza ndi mutu wawo, n'kuwonjezerapo chikhatho chimodzi cha ulemu wa alendo.

Nkhuku tinali nazo zambiri, koma dzira linali ndi malamulo ake. Mwana akadya dzira amagwa khunyu. Akapulumuka khunyu amakula wakuba, chifukwa akalawa kamodzi amayamba kulondola nkhuku kuchisa. Akakhala wamkazi ndiye musanene n'komwe, adzavutika pobereka. Mwamwayi matenda onsewa ankaopa ndevu, choncho bambo ankadzipereka kutidyera mazira onse kuti ife tikhale ndi moyo. Nkhuku ikaphedwa zinalinso chimodzimodzi. Nthutumba, chiwindi ndi ntchafu zinkapita m'mbale ya bambo, ana n'kumalimbirana zipalapasiro ndi mutu. Nandolo ndi mtedza zinali za kumsika. Ana ankakhuta makaka ndi chigwada, ndipo mimba ikatukuka akulu ankati mwana wanenepa. Ndisawanamizire bambo, sanali ankhanza. Anakula choncho, ndipo bambo awo anawadyeranso mazira ndi chikondi chomwecho.

Ine ndinatuluka m'dongosolo labwinoli chifukwa chodwala. Amayi anaima ndisanalimbe miyendo, anandichotsa kubere, ndipo posakhalitsa mapazi anga anatupa, tsitsi n'kufiira. Anthu anati ndi tsempho, ndipo anayamba kufufuza amene analakwitsa mwambo pakati pa makolo anga. Za chimene ndinkadya palibe anafunsa, poti mimba yanga inali yaikulu kale. Zitsamba zitakanika ananditengera kuchipatala cha mishoni ku Nguludi, kumene mng'ono wawo wa amayi ankagwira ntchito yochapa nsalu za odwala. Amayi aang'onowa analibe mwana, ndipo mwamuna wawo anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Anapempha kuti ndikhale nawo mpaka nditachira. Ndinachira, koma iwo chaka ndi chaka ankangoti sindinachiritsitse, mpaka ndinayamba sukulu komweko. Achibale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, makamaka poti pakhomo panali patachepa pakamwa pamodzi.

Amayi aang'ono anali munthu wa makutu. Akamayanika nsalu ankamva anamwino akuuza azimayi za phala lothira nsinjiro, usipa wosinja ndi dzira. Kunyumba kwawo nkhuku zinkaikira, ndipo kunalibe ndevu zodikira mazirawo. Amandiuza kuti tsiku loyamba anandipatsa dzira atagwira korona, akudikira kuti ndigwe. Sindinagwe. Ndinatambasula dzanja kupempha lina. Kuyambira pamenepo dzira linali langa pafupifupi m'mawa uliwonse, ndipo mbuzi ikaswa ankandikamirako mkaka. Lamulo linali limodzi lokha.

"Ukadzapita kwanu, pakamwa potseka. Ungadzandiphetse ine."

Anandisiyanso ndi chilema china, ngati n'chilema. Ndine wamanzere. Kwathu dzanja lamanzere ndi la kuchimbudzi, ndipo mwana akalitsogoza amakumana ndi mthiko. Amayi aang'ono anandiphunzitsa kupereka moni, kulandira ndi kudya ndi lamanja, kuti ndisawachititse manyazi pagulu. Zina zonse, mpeni, cholembera, singano, anati dzanja lidzisankhire lokha, iwo ali ndi zochapa zambiri. Mpaka lero sizasi yanga ndimaigwira mmene atelala anzanga amati n'chagada, ndipo nsalu siinadandaulepo.

Bambo ankabwera panjinga nthawi ya Khirisimasi ndi Pasaka. Sankanditchula dzina. Ankati "mayi anga", chifukwa chipumi changa akuti chinali cha malemu amayi awo. Ankandikhazika pachishalo cha njinga n'kumandizunguliritsa pabwalo akuliza belu, nkhuku zikubalalika. Ndinkawakonda kwambiri, moti tsiku limene ankayembekezeka ndinkakaima pamsewu kuyambira m'mawa. Kenako njinga ija inathyoka, kukonza kwake kunali kwa mawamawa, ndipo zaka zingapo zinadutsa bambo osafika ku Nguludi. Zaka zimenezo ndi zimene ine ndinakula ngati nsungwi. Amayi ankabwera n'kundiona, koma akabwerera kunyumba ankangoti mwana wakula. Bambo ankaganiza kuti ndakula mmene anthu amakulira kwathu, kutanthauza m'mbali.

Nditayandikira kutha msinkhu anati ndibwerere, mtsikana akulire pamaso pa mayi ake. Chinthu choyamba chimene ndinachita kunyumba ya makolo anga chinali kudzigunda chipumi pakhomo. Chimangireni nyumbayo, palibe anagundapo mutu. Ndinalowa nditagwira pamphumi, ndinagwada kupereka moni, ndipo zonse zinali bwino. Vuto linayamba nditaimirira. Bambo anakweza maso, n'kukwezabe. Azichimwene anga, amene ndevu zinali zitayamba kuwamera, ankandilekeza m'phewa. Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi anga, kodi ku Nguludiko amakuthirani feteleza?"

Tsiku limenelo tonse tinaseka. Mawa lake ananditenga kumunda akundionetsa kwa aliyense wodutsa, ndipo anandithyoletsa mapapaya amene iwo ankawafikira ndi mtengo.

Zinasiya kuseketsa atabwera azakhali. Awa anali mlongo wawo wamkulu wa bambo, okhala kutsidya kwa mtsinje, munthu wopemphera kwambiri moti machimo a anthu ena ankawasowetsa mtendere. Anandipeza ndikusenda chinangwa pakhonde. Ndinaimirira kuti ndiwalandire kathumba, ndipo kumeneko ndiye kunali kulakwa kwanga. Anayamba kundiyang'ana kumapazi, ndipo ulendo wokafika kumutu unawatopetsa. Pobwerera pansi maso awo anaima pa mpeni, umene unali kumanzere.

"Alamu," anaitana amayi, "mwana munakasiya ku Nguludi uja ndi yemweyu?"

"Ndi yemweyu, alamu."

"Iii, chabwino. Ine ndikungofunsatu. Kwathu wamtali kulibe chiyambire, ndi wamanzere yemwe sindinamuonepo. Kaya kwanu kuno."

"Kunonso kulibe."

"Eetu. Ndiye ndikuti kaya."

Azakhali anapita, koma kaya wawo anatsala pakhomo. Azakhali omwewo, mayi amene ankafunafuna duku lili kumutu kwawo, anakumbukira bwinobwino kuti nyengo ya nandolo, ine ndisanabadwe, kunkabwera bambo wina wamtali amene ankapachika sikelo yake pamtengo m'mbali mwa msewu. Atabweranso anali atakumbukira kuti bamboyo ankakweza thumba ndi dzanja lamanzere. Ulendo wachitatu anakumbukira kuti amayi ankachedwa kubwerako kusikeloko. Akanapatsidwa mwezi wina akanakumbukira ndi mtundu wa malaya ake. Zonsezi sankauza amayi. Ankaitanira bambo kuseri kwa nkhokwe, ndipo nkhokwe yathu inali ndi makutu ofika mpaka kuchitsime.

Pakati pa munda wathu panali chulu. Chaka chilichonse bambo ankabzala chimanga chochokera m'dengu limodzi, ndipo chapachulu chinkawapitirira ngakhale atakweza khasu m'mwamba, pamene cha kumchenga kumunsi chinkamasula ngayaye chili m'chiuno. Sindinamvepo bambo akufunsa chimanga chapachulu kuti abambo ake ndani. Ankadziwa kuti mbewu ndi imodzi, yasiyana ndi nthaka, ndipo ankatha kufotokozera aliyense zimenezi mosafunsidwa. Koma nzeru imeneyi ankaisiya kumunda akaweruka. Pakhomo munthu anali magazi basi.

Sanakalipe, sanamenye munthu. Anangosiya kunena kuti "mayi anga". Ndinasanduka "mtsikanayo".

"Muuzeni mtsikanayo abweretse madzi."

Apo n'kuti ine nditaima pomwepo. Ndikawagwirira madzi osamba m'manja ankayang'ana m'beseni. Popita kutchalitchi ankatsogola patali, kuti anthu asatione titayandikana n'kuyamba kuyeza. Zimenezi zinandipweteka kuposa mkwapulo. Ndinayamba kuyenda chowerama, mawondo nditapinda pang'ono m'kati mwa chitenje. Mayi wina kuchitsime anandiuza kuti katundu wolemera amafupikitsa munthu, choncho ndinkasenza ndowa yaikulu koposa zonse, ndipo phindu lake linali khosi lopweteka. Ndinachepetsa kudya kuti mwina thupi lindimvera chisoni, koma silinamve. Ndinayesa kusenda chinangwa ndi lamanja mpaka ndinadzicheka chala. Za mazira sindinanene, poti ndinalonjeza, komanso sindinkadziwa kuti dzira ndi utali n'zapachibale.

Bambo anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo mkamwini sachedwa kusamuka. Khasu, bulangete, wailesi, basi wapita. M'mawa wina ndinaona bulangete lawo litapindidwa n'kumangidwa ndi luzi, lili pamwamba pa wailesi pakona. Anauza amayi kuti Lamlungu ikatha Misa ankhoswe akhale pansi, ndipo nkhaniyo ikapanda kumveka bwino iwo abwerera kwawo. Amayi anangodzuka. Anapita kumtondo n'kuyamba kukonola chimanga chokonola kale. Ndinawatsatira n'kutenga munsi wina.

"Amayi, n'zoona?"

Anaimitsa munsi n'kundiyang'ana, ndipo ndinachita manyazi ndisanamve n'komwe yankho.

"Iwenso? Munthu uja ndimangom'kumbukira kuti sikelo yake inali yakuba. Sinja, usandiliritse."

Madzulo anatumiza uthenga ku Nguludi kuti mng'ono wawo abwere.

Lamlungu tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Kuchikazi kunali amalume, mlongo wawo wa amayi. Kuchimuna kunali atsibweni awo a bambo, nkhalamba yogontha khutu limodzi, imene inabwera makamaka chifukwa inamva kuti kuli thobwa. Amayi aang'ono anafika thukuta lili kamukamu, atatsika minibasi pamsewu n'kuyenda wapansi. Azakhali anabwera osavula yunifolomu yawo ya kutchalitchi, kuti aliyense adziwe mbali imene kuli Mulungu. Anthu oyandikana nafe anapeza tintchito tosiyanasiyana pafupi ndi mpanda wathu, ndipo mayi wina anasesa malo amodzi mpaka anakumba dzenje.

Azakhali ndi amene anatsegula.

"Ine sindikunamizira munthu ayi, ine ndi mkhristu. Koma mbuzi siibala ng'ombe, amalume. Magazi sanama. Mlongo wangayu walima pamudzi pano mpaka msana kupindika, ndiye azilera mbewu ya mwini? Mlandu suola, lero tiumve."

Amalume anga anafunsa ngati alipo anaona chilichonse ndi maso.

"Maso? Inuyo mulibe maso? Achimwene, taimani. Iwe, dzaime apa, pambali pa amene ukuti ndi abambo akowa."

Ndinkayembekeza kuti bambo akana. Anaimirira. Ndinapita kukaima pambali pawo, ndinapinda mawondo mmene ndikanathera, koma ankandilekezabe pakhutu. Wina kuseri kwa mpanda anaseka. Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinangozyolika, ndikupempha kuti nthaka indimeze, ngakhale kulekeza m'mawondo mokha, kuti ine ndi bambo tilingane.

"Wamtali, wamanzere," anatero azakhali akuwerenga pazala. "Ziwiri zonse kwathu kulibe. Ndanama?"

Chakudza sichiimba ng'oma. Thadzi lathu linali likupalasa ndi anapiye pafupi ndi nkhokwe, ndipo mwadzidzidzi linakuwa. Mphamba inali itatsika kale. Amene anakulira pakhomo pa nkhuku amadziwa kuti pamenepo munthu saganiza. Ndinawerama, ndinatola mwala, ndinagenda. Pambali panga bambo anachitanso chimodzimodzi, ndipo miyala iwiri inauluka pamodzi. Yonse inaphonya. Mphamba inapita ndi kamwanapiye kake mosatekeseka.

Koma palibe ankayang'ana mphamba. Tinali chiimire, ine ndi bambo, aliyense phazi lamanja lili patsogolo, dzanja lamanzere lili m'mwamba. Bambo analiyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina, kenako analibisa kumbuyo.

Nkhalamba ija inayamba kuseka mpaka thobwa linaitsamwa.

"Ha! Dzanja lija silinafe eti? Zaka zonsezi likadali moyo?" Inatembenukira kwa azakhali. "Iwe, si iwe unkam'manga dzanja limeneli kumsana ndi luzi, mayi ako akapita kumunda? Unkalipaka tsabola iwe, mwana akadzigwira m'maso n'kumalira tsiku lonse. Lero ukuti wamanzere sunamuonepo?"

"Amalume, zimenezo n'zakale. Tinam'konza ameneyu."

"Munam'konza kudya ndi kupereka moni. Kugenda munaiwala."

Amayi anachotsa chitenje kumaso n'kuyang'ana mwamuna amene anakhala naye zaka zonsezo. Sankadziwa. Palibe ankadziwa pamudzi pathu. Kaya bambo anaiwaladi, kaya tsabola uja anali akuwawabe moti anasankha kukhala chete ngakhale mwana wawo akuimbidwa mlandu ndi dzanja lomwelo, sindinawafunse. Nthawi zina zimandikwiyitsa, nthawi zina ndimawamvera chisoni.

Azakhali sanali munthu wogonja ndi mwala umodzi.

"Chabwino, za manzere tamva. Nanga utaliwo? Utaliwo ndi wa ndani?"

Amayi aang'ono anakonza chitenje chawo.

"Utaliwo ndi wanga. Ndinauphika ndekha. Ngati mukufuna abambo ake, pitani ku Nguludi mukagwire nkhuku zanga. Mwanayu wakula akudya dzira m'mawa uliwonse, phala la nsinjiro, usipa, mkaka wa mbuzi. Munandipatsa ali ndi mapazi otupa inu. Mumati ndim'dyetse chiyani, magazi?"

Ndi tsache la kuseri kwa mpanda lomwe linaima. Kenako azakhali anaika manja kumutu.

"Mazira? Mwana wamkazi mazira? Mayo ine!"

Mlandu wa chigololo unaiwalika nthawi yomweyo, chifukwa panali patapezeka waukulu kuuposa. Amalume anadzudzula mlongo wawo wa ku Nguludi poika moyo wa mwana pachiswe. Azakhali anati tsopano amvetsa kumene kunapita sopo wawo tsiku limene ndinakawachezera. Nkhalamba inafunsa ngati ndinagwapo khunyu, ndipo itamva kuti ayi inati mwina akadali m'njira. Pomaliza ankhoswe anagamula kuti banja lipitirire, amayi aang'ono apepese, ndipo ine ndisadzakhudzenso dzira. Amayi aang'ono anapepesa ndi nkhope ya munthu amene adzachitanso mawa. Kwa amayi anga, amene dzina lawo linayenda m'zitsime zonse za m'deralo, palibe anapepesa. Wogula nandolo uja, kulikonse kumene ali, sadziwa kuti anakhalapo bambo anga.

Lero ndimadziwa kuti manzere si umboni wa chilichonse. Amanzere ambiri amabadwa kwa makolo amanja, ndipo ana anga onse ndi amanja. Ndimadziwanso kuti mwana wa anthu afupi sangafike padenga ngakhale adye khola lonse, chifukwa mbewu ili ndi malire ake. Koma kwathu palibe amene anali atafikapo pa malirewo kuti tiwadziwe. Azakhali sananame, magazi analipo ndithu. Bambo anabadwa ndi dzanja lawo, a pakhomo n'kulimanga. Ine ndinabadwa ndi utali umene unalimo kale m'banjamo, wina n'kuudyetsa. Bwalo lathu silinafike pa mfundo zimenezi, ndipo sindidandaula. Bwalo limene linandimanga ndi msinkhu linayenera kundimasula ndi mwala.

Chimene chinkandidetsa nkhawa n'chakuti bambo sanayankhule kanthu pabwalopo. Alendo atabalalika anapita kumunda, ngakhale linali Lamlungu, ndipo ndinawaona ataima pafupi ndi chulu nthawi yaitali, opanda khasu. Pobwera sanandiyang'ane. Bulangete lija linali chimangidwire pamwamba pa wailesi, ndipo ankhoswe angagamule zawo, koma mwendo ndi wa mwini.

M'mawa mwake amayi anawiritsa mazira monga mwa masiku onse n'kuika m'mbale ya bambo pakhonde. Ndinabweretsa madzi osamba m'manja, ndinagwada, n'kudzuka kuti ndizipita.

"Taima."

Anaimirira n'kubwera pambali panga, monga dzulo lake, koma tsopano panalibe woonerera.

"Wongola mawondowo."

Ndinawongola. Unali mwezi woposa umodzi ndisanaime chilili pamaso pawo. Anaika chikhatho pamutu pawo, n'kuchikweza pang'onopang'ono mpaka chinalingana ndi pamutu panga. Anayang'ana mpata umene unatsala pakati pa mutu wawo ndi dzanjalo.

"Ndiye kuti apa ponsepa anadya ndi ababa?"

Sindinadziwe ngati ndiseke. Iwo sanaseke. Anayang'ana kukhola, kumene azichimwene anga ankamasula mbuzi, anyamata amene msinkhu wawo unali utauma kale. Kenako anayang'ana m'mbale, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Anakhala pansi.

Chitsirizira wathu, kamtsikana kamene kanali katangosiya kumene kuyamwa, kankasewera ndi chitsononkho pansi pa khonde. Bambo anakaitana. Anatenga dzira, analigogoda pampando, n'kulisenda ndi dzanja lamanzere, mwaluso ngati amachita tsiku ndi tsiku. Analigawa pakati n'kupatsa mwanayo theka. Amayi anatsegula pakamwa kuti aletse, n'kutsekanso. Mwanayo anameza, anadikira pang'ono, n'kutambasula dzanja. Theka linalo bambo analozetsa kwa ine.

"Landirani, mayi anga. Koma inuyo pang'ono pokha, khomo ndilibe lina."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo dziralo ndinalidya ndi misozi. Masana amayi anamasula luzi n'kuyanika bulangete lija padzuwa.

Chilimwe chomwecho bambo anagumula pamwamba pa khomo lija n'kulikweza. Sanaliyezenso ndi mutu wawo. Anandiimika ine pamenepo, anaika chizindikiro ndi khala, kenako anayang'ana mng'ono wanga amene ankakwawa m'fumbi la njerwa, n'kuwonjezerapo chikhatho china.